Kandulo Inazima, Mbaula Sinazime

Ana a Rosemary Daka ankadziwa kuyankha. Pa zimenezo panalibe kalasi yowaposa m'komboni yonse ya Chipulukusu, ku Ndola. Ukawafunsa kuti madzi amawira akatentha kufika pati, onse ankayankhira pamodzi mpaka malata kunjenjemera. Ukati atchule zigawo za duwa, ankazindondoza ngati nyimbo ya kwaya. Koma ukangoika choko pansi n'kunena kuti, "Tsopano funsani inuyo," m'kalasimo munkagwa bata loti umamva mayi wa vitumbuwa kuseri kwa mpanda akukalipira mwana wake.

Bata limeneli ndi limene linamusowetsa mtendere m'mwezi wa Juni, chifukwa kalasi ya sayansi imene anaivutikira theka la moyo wake inali pafupi kumupulumuka.

Anamuuza ndi ahedi, a Shadreck Soko, bambo wamtima wabwino amene nkhani ikakhala yoipa ankalankhula akuyang'ana pawindo. Tsiku limenelo ankayang'ana pawindo.

"Ba Daka, ku ofesi ya maphunziro akutuma munthu sabata ya mawa. Afuna kuona sayansi ya Fomu Wani."

"Abwere, Ba Hedi. Ana anga zinthu akuzidziwa."

"Kudziwa akudziwa, mwandi. Koma silabasi yatsopanoyi sifuna zimenezo chabe. Ifuna mwana aone chinthu, afunse yekha funso, kenako anene yekha yankho limene akuliganizira, loti n'kuliyesa. Ija amati haipothesisi. Ku semina munaliko, munamva." Anakanda chibwano. "Akapeza ana ali duu ngati pamaliro, akalemba kuti kalasi ifunika munthu wa digiri. Ndipo wa digiriyo tili naye kale pano."

Sanafunike kumutchula dzina. Treasure, mtsikana wongotuluka kumene ku yunivesite, ankaphunzitsa masamu podikira kuti malo a sayansi apezeke. Rosemary analibe naye chifukwa. Mwanayo ankamupatsa moni mopinda mawondo, nthawi zina n'kumunyamulira mabuku, ndipo zimenezo n'zimene zinkawawa kwambiri.

"Nanga ine?"

"Mubwerera ku Giredi Fo. Ntchito sikutha, Ba Daka, osachita mantha."

Anatuluka mu ofesimo. Ahedi sankadziwa kuti kwa iyeyo Giredi Fo ndi sayansi zinali zosiyana ngati khonde ndi m'nyumba.

Rosemary anabadwira ku Chimwemwe, ku Kitwe, mwana wachitatu wa a Wilfred Daka. Bambowo anachoka ku Katete ali mnyamata n'kulowa pansi pa mgodi, ndipo anatulukamo mutu uli mbuu ndi imvi. Lamlungu ankavula ovolosi n'kuvala jekete yakuda, n'kukaphunzitsa ana katekisimu pansi pa mtengo wa pa tchalitchi. Iwo ankafunsa, ana n'kuyankha mawu omwewo a m'buku, osaonjeza, osachotsa. Kunyumba zinali chimodzimodzi. Funso linkachokera kumwamba kutsikira pansi: kwa bambo kupita kwa mayi, kwa mayi kupita kwa ana, kwa ana kupita kwa galu. Ndipo bambo ake sanafunsepo funso limene yankho lake sankalidziwa.

Kamodzi kokha Rosemary analitembenuza. Anali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi. Kunyumba kunabwera alendo ochokera kumudzi, ndipo bambo ake ankawafotokozera mmene pansi pamatenthera, kuti munthu umafinya malaya thukuta n'kuchucha ngati wagwa m'chitsime. Kamtsikanako kanali pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja.

"Atate, nanga poti dzuwa silifika pansipo, chimatenthetsa n'chiyani?"

Alendo anayang'ana bambo ake. Bambo ake anayang'ana pansi. Mayi ake, amene anagwada pambali pake, anamutsina pantchafu mpaka misozi kulengeza, n'kumunong'oneza kuti, "Ufuna kuwayesa atate ako pamaso pa anthu?" Panapita zaka asanazindikire kuti bambo ake yankho sankalidziwa, ndi kuti anawavula pagulu osafuna. Funsolo analisunga mumtima ngati kamwala m'nsapato, mpaka analipezera yankho m'buku la ku laibulale ali kale ndi ana awiri.

Anapita ku koleji ya uphunzitsi wa pulayimale chifukwa ndi kumene kunapezeka malo. Anakwatiwa ku Ndola, mwamuna anamwalira, iye anatsala ndi ana ndi kanyumba kakuseri kwa nyumba ya anthu ena ku Kanini. Zaka zambiri anaphunzitsa tiana kupanga mizere ndi kupukuta mamina. Anzake akamapuma pa holide, iye ankakwera basi ya ku Kitwe, kukagona pansi kwa mkulu wake ku Chimwemwe, n'kumaphunzira dipuloma ya sayansi pakati pa anyamata oti n'kuwabereka. Anaitenga tsitsi litayamba kuyera m'mbali. Chaka chino m'pamene anamupatsa Fomu Wani. Kalasiyo inalibe labu, inalibe ngakhale galasi pawindo limodzi, koma pakhomo pake panalembedwa dzina lake.

Ndiye atachoka kwa ahedi anayamba kuyesa. Anabwera ndi maginito ndi misomali. Ana anaombera m'manja misomali itakakamira, koma funso ayi. Anabwera ndi dzira loyandama m'madzi amchere. Anati, "Funsani chilichonse, ngakhale chopusa. Sindimenya munthu." Maso oposa zana anamuyang'ana mwaulemu ndi mwachisoni, ngati akuona munthu wamkulu akudzichotsa ulemu. Patapita nthawi dzanja limodzi linakwera. Anali Nehemiah, mnyamata wamtali wa pa desiki yakutsogolo, wosakhalitsa pansi. Mtima wa Rosemary unadumpha.

"Madamu, izi zibwera pa mayeso?"

Sikuti anawo anali opusa. Panja ankafunsana mafunso tsiku lonse, ena oti munthu wamkulu n'kutseka makutu. Koma ambiri anakula monga anakulira iye. A Katolika anali ndi katekisimu. A Mboni anazolowera kuti funso limalembedwa m'munsi mwa tsamba, yankho lili pamwamba pake, ntchito yako n'kulipeza n'kulidula mzere. A Pentekosite ankadziwa kuti abusa akafunsa kuti, "Mukundimva?" yankho limakhala limodzi. Makolo onsewa ankafunira ana awo zabwino, ndipo analera ana aulemu. Koma mwana wotere amakula akudziwa kuti funso ndi katundu wa munthu amene yankho ali nalo kale. Ukafunsa wamkulu ndiye kuti ukumuyesa, apo ayi ukulengeza umbuli wako pagulu. Silabasi inalembedwa ngati kuti ana onse a dziko lapansi amabadwa dzanja lili m'mwamba.

Sabata itatsala pang'ono kutha, anabwerera kwa ahedi.

"Sakufunsa, Ba Hedi."

A Soko anatseka chitseko. "Ba Daka, imwe mwayamba liti ntchito? Apatseni mafunsowo. Uyu lake, uyu lake. Aloweze. Mlendo akabwera, manja m'mwamba, aliyense wasangalala, mlendo wapita."

"Koma limenelo ndi bodza."

"Ndi kukonza pakhomo mlendo asanafike. Kwanu simusesa?"

Anakana ndi pakamwa, koma mawa lake anachita zomwezo. Ndipo anazichita bwino kwambiri, poti anali mwana wa mphunzitsi wa katekisimu. Anasankha phunziro la kandulo ndi mabotolo. Kandulo ikayaka, ukaivundikira ndi botolo, imazima. Anabwereka botolo lalikulu lagalasi pa kantemba ka pageti, lomwe kale munkakhala maswiti, n'kubwera ndi laling'ono la mayonezi kuchokera kunyumba. Nehemiah anamupatsa funso loyamba: n'chifukwa chiyani kandulo yazima? Belinda, mtsikana wa mawu omveka bwino, anamupatsa lachiwiri: kodi kukula kwa botolo kuli ndi kanthu? Kenako kalasi yonse inaloweza haipothesisi: botolo likakhala lalikulu kandulo ikhalitsa, chifukwa mpweya ndi wambiri. Zonse m'Chingerezi. Anawaphunzitsa ngakhale kukanda m'mutu pang'ono asanaimike dzanja, kuti zioneke ngati ganizo langowafikira.

"Nehemiah, uyambe liti?"

"Mukangoika machesi patebulo, Madamu."

Mwana mmodzi yekha sanamupatse gawo. Gladness Mvula anali atajomba sabata yathunthu, ndipo atabwerera ankangokhala kumbuyo, mutu atautsamiritsa kukhoma. Rosemary anamva mphekesera zoti banja lonse linagonekedwa kuchipatala. Anaganiza zomuitana n'kumufunsa, koma mutu wake unali pa mlendo. Anati adzamufunsa zikatha.

M'masiku amenewo chakudya chinkamukanika. M'minibasi ankapezeka akunong'ona yekha mafunso a ana, mpaka kondakitala wina anamufunsa ngati akupemphera kapena wadwala. Chinkamuopsa kwambiri sichinali kugwidwa. Chinali kuganiza kuti mwina ahedi akunena zoona, kuti ana amenewa sadzafunsa, ndi kuti iyeyo, amene anasunga funso limodzi zaka makumi atatu, wangowaphunzitsa katekisimu wina.

Tsikulo kunacha ndi mphepo ya Juni, youma, yonyamula fumbi ndi mapepala. Mlendo anafika cha m'ma naini. Anali mayi wamfupi wovala chipewa chaubweya, a Anastasia Chanda, Mbemba wa nkhope yosawerengeka. Anamulonjera m'Chibemba.

"Mwashibukeni, Ba Daka. Musandione ine. Ndine desiki."

Anapita kumbuyo n'kukhala pa malo okhawo amene analipo, pambali pa Gladness.

Rosemary analemba mutu wa phunziro pabolodi, choko chikuthyoka. Anaimika kandulo patebulo, mabotolo awiri pambali. Anakhwatcha mtengo wa machesi. Mphepo yolowera pawindo lopanda galasi inauzimitsa usanafike pachingwe. Anakhwatcha wina, unathyoka. Wachitatu unayaka n'kuzima pomwepo. Anaona kuti ayambe wapukuta thukuta m'manja. Anaika bokosi la machesi patebulo.

Dzanja la Nehemiah linakwera. Asanaliimike, anakanda m'mutu monga anaphunzitsidwira.

Rosemary anamuyang'ana ndi maso opempha, koma mwana womvera ndi womvera. Nehemiah anaimirira, n'kufunsa m'Chingerezi chomveka mpaka panja:

"Madamu, n'chifukwa chiyani kandulo yazima?"

Kanduloyo inali chiimire, yoyera, chingwe chake chisanalawepo moto.

Asanapeze chonena, Belinda anali ataimirira kale, poti gawo lake linkabwera Nehemiah akangokhala. Anafunsa ngati kukula kwa botolo kuli ndi kanthu. Ndipo kalasi yonse, mogwirizana bwino kuposa tsiku lililonse, inaimba haipothesisi yake mpaka kumapeto, n'kukhala chete kudikira kuyamikiridwa.

Kumbuyo kuja a Chanda anaika cholembera pansi n'kupinda manja.

M'maganizo mwa Rosemary zonse zinali zitatha. Anaona Giredi Fo, timipando tating'ono, nyimbo za afabeti. Popeza panalibe china chochita, anatembenuzira msana kuwindo, anayatsa kandulo, anaivundikira ndi botolo laling'ono. Lawi linafupika, linasanduka labuluu, linazima. Kautsi kanakwera m'botolomo. Mafunso onse anali atafunsidwa kale, ndipo nthawi yotsala inali yambiri. Bata lija linabwerera, lolemera kuposa kale.

"Madamu."

Mawuwo anachokera kumbuyo, otsika, ndipo sanali a Chingerezi kapena Chibemba chimene ana ankalankhula pabwalo. Anali a Chinyanja cha kunyumba. Gladness sanaimirire n'komwe. Maso ake anali pa botolo.

"Kandulo yazima chifukwa mpweya wasila, ai?"

"Inde," anatero Rosemary.

"Manje mbaula yathu bwanji sinazime? Kunazizira, amai analowetsa mbaula m'nyumba. Anatseka chitseko, anaika na chitenje pansi pake kuti mphepo isalowe. M'mawa aneba anachita kuthyola chitseko. Tonse tinali gone, ine, amai, na kamwana kathu, osamva kanthu. Koma malasha anali akali ofiira. Ngati mpweya unasila, ukanayamba kufa ni moto. Bwanji tinayamba ndise?"

Ena anaseka, osati nkhaniyo koma chilankhulocho. Mnyamata wina wa pakona anaponya nthabwala ya masiku onse ya Abemba kwa anthu akum'mawa, kuti mwina anadya mbewa zoola. Wina anakuwa kuti, "Chizungu, iwe!" Gladness anaweramitsa mutu.

Rosemary anaima chilili. Yankho ankalidziwa. Linali pa lilime, ndi dzina lake la m'buku, ndipo akanalinena bwino moti mlendo akanaona kuti mayiyu sayansi amaidziwa. Akanathanso kunena kuti funsolo si la phunziro la lero, kuti alankhule Chingerezi, kuti adzaonane pa buleki. Pantchafu pake, pamalo pomwe mayi ake anamutsina kalekale, panachita ngati payabwa. Anayang'ana mutu woweramawo. Mwanayu anali atagona m'chipatala ndi funso limeneli, anabwera nalo kusukulu, anakhala nalo kumbuyoko masiku onse amene iye ankagawa mafunso abodza.

Anatenga choko. Anafufuta mutu wa phunziro, n'kulemba funso la Gladness pabolodi m'mawu ake omwewo, m'Chinyanja, kenako m'munsi mwake m'Chingerezi.

"Amene waseka abwere adzayankhe," anatero. Palibe anabwera. "Ine sindiyankha. Ili ndi funso la Gladness, ndipo ndi funso la sayansi kuposa onse amene mwamva lero. Mukuganiza kuti chinachitika n'chiyani m'nyumba muja? Chilankhulo chilichonse."

Bata. Analilola. Linatalika, ndipo kawiri konse pakamwa pake panatseguka pokha kuti awapulumutse. Anadziluma mlomo. Sanayang'ane kumbuyo kumene kunali mlendo.

Anayamba ndi Gladness yemwe. "Kuchechi anati ni chiwanda. Ati munthu anatitumira."

Apa Rosemary anaponda mosamala, podziwa kuti mawu ake akafika kwa mayi a mwanayo dzuwa lisanalowe. "Chabwino. Chimenecho tingachiyese bwanji ndi botolo ndi kandulo?"

"Sitingakwanitse, Madamu," anatero Belinda. "Chiwanda sichilowa m'botolo."

"Ndiye za kutchalitchi tizisiye kutchalitchi, sitikutsutsana ndi munthu. Muno tikufuna ganizo loti manja athu angathe kuliyesa, n'kuona ngati lili loona kapena ayi. Haipothesisi ndi imeneyo basi. China?"

"Utsi," anatero Belinda. "Utsi unawatsamwitsa."

"Kunalibe utsi," Gladness anayankha msanga, mutu atadzutsa. "Amai salowetsa mbaula ikali kufuka. Amayembekeza malasha afiire."

Rosemary analemba kuti utsi, n'kuika chizindikiro cha funso. Tsopano m'kalasi munayamba kung'ung'udza. Zinapezeka kuti pafupifupi aliyense anali ndi nkhani ya mbaula: malume amene anadzuka akusanza, mlonda wa kumsika amene anamupeza atafa m'kanyumba kake, mutu umene umawawa ukaotha moto chitseko chili chotseka. Ankalankhula modulana mawu, Chibemba, Chinyanja ndi Chingerezi mophatikiza.

Nehemiah anaimirira osakanda m'mutu. "Madamu, ine niganiza munthu amadya mpweya wambiri kupambana moto. Ndiye ukachepa, munthu ayamba kugwa, moto ukali na kakudya."

"Awe," anatero mnyamata wa nthabwala ya mbewa uja. "Kandulo nayo ni moto, koma yafa msanga. Kapena moto wa malasha ni wosiyana na wa kandulo."

"Kapena mbaula imatulutsa chinthu," anatero Gladness pang'onopang'ono. "Chosaoneka. Chifukwa mutu unayamba kuwawa tikalibe kugona."

Maganizo atatu atsopano anali pabolodi, ndipo palibe limene Rosemary anagawa. Tsopano ankalemba mothamanga kuti asatsalire.

"Tiyese liti, ndipo bwanji?"

"Tiike Nehemiah mu dramu na mbaula, tivundikire," anatero Belinda. "Akayamba kukhala chete ndiye kuti zoona."

"Ameneyo olo mu dramu sangakhale chete!" anakuwa wina.

Kalasi inaphulika. Rosemary anamva kuseka kwachilendo kumbuyo, kwakufupi, ngati munthu watsamwa, koma sanacheuke.

Anagwirizana zoyesa ganizo lachiwiri, loti moto wa malasha ndi wosiyana ndi wa kandulo, poti ndi lokhalo limene zida zawo zikanakwanitsa. Nehemiah anathamangira kwa mlonda wa pageti, amene ankaotha mbaula, n'kubwera ndi khala limodzi lofiira pa chivundikiro cha chitini. Anaika tebulo pafupi ndi khomo lotsegula. Anaimika kandulo yoyaka pambali pa khalalo, ndipo asanavundikire, Rosemary anawauza kuti aliyense anene chimene akuyembekezera. Ena anati zizima pamodzi. Ena anati khala liyamba, poti lilibe lawi. Gladness anati kandulo iyamba. Anavundikira zonse ziwiri ndi botolo la maswiti, ana ataunjikana mpaka ena kukwera pamadesiki.

Lawi la kandulo linawerama, linafupika, linapita. Khala linatsala likuyang'ana, lofiira ngati diso.

"Lakana kufa!" anakuwa Nehemiah.

"Ndiye taphunzira chiyani?"

Belinda anayankha mosaloweza, akusakasaka mawu. "Kuti malasha amapirira. Olo mpweya uchepe, amayakabe."

"Nanga tadziwa chimene chinagwetsa anthu?"

Anaganiza. "Ayi, Madamu. Tangodziwa chifukwa chake mbaula sinazime."

"Theka la funso," anatero Rosemary. "Theka linalo botolo ili silingatiuze, ndipo sitiyesa pa munthu kapena pa nkhuku ya munthu." Anavundukula botolo n'kutulutsa khalalo panja. Kenako anaima pakati pa kalasi. "Koma ichi chokha sindidikira kuti muchipeze nokha, chifukwa kukuzizira ndipo lero lomwe mbaula zilowa m'nyumba. Gladness waganiza bwino. Malasha akamayaka pomwe mpweya ndi wochepa amatulutsa mpweya wina wapoizoni, wopanda fungo, wopanda mtundu. Umalowa m'magazi munthu osadziwa. Umagwetsa munthu moto usanaganize n'komwe zozima. Mbaula sigona m'nyumba, ngakhale malasha afiire bwanji. Mukawauze kunyumba. Akakufunsani kuti wanena ndani, muziti Madamu Daka, abwere adzandifunse."

Belu linalira ali pakati pojambula botolo ndi khala m'makope. Phunziro limene analemba pa pulani silinafike ngakhale pakati.

Ana atatuluka, a Chanda anabwera kutsogolo pang'onopang'ono, akukoka chipewa chawo. Anatenga bokosi la machesi, analiyang'ana, analibweza.

"Ba Daka, masewero a mafunso oloweza ndawaona m'masukulu ambiri. Koma kandulo yozima isanayatsidwe, awe mwandi, ndaiona lero." Anapukusa mutu. "Imwe akum'mawa, ngakhale bodza simudziwa kulikonza bwino."

Chinali chimbuya, chipongwe chololedwa pakati pa Mbemba ndi wakum'mawa, ndipo tsiku lina Rosemary akanabweza ndi nkhani yoti Abemba amadya anyani. Lero anangofunsa.

"Mukalemba zimenezo, Ba Chanda?"

"Ndikalemba. Ndinaziona, ndisiye bwanji? Ahedi anunso ndikawauza kuti fungo la dzanja lawo ndalimva." Anayang'ana pabolodi, pamene funso la Gladness linali likadalipo m'zilankhulo ziwiri. "Ndikalembanso izo. Mwana uja mumudziwa bwino?"

"Osati mokwanira."

"Anagwira dzanja lake lamanja ndi lamanzere nthawi yaitali, kuliletsa kukwera. Ndimamuona." Anatseka chikwama. "Kalasi ikhale nanu temu ino. Ndidzabweranso, koma tsiku sindinena, ngakhale kwa a Soko. Ndikadzamva funso limene yankho lake mwawapatsa kale, tidzakambirana za Giredi Fo."

Anatuluka. Rosemary anakhala pa desiki ya Nehemiah. Temu imodzi. Mlendo wosanena tsiku. Ndiye kuti tsiku lililonse linali tsikulo, ndipo panalibe choti n'kuloweza. Sankadziwa ngati mawa anawo adzafunsanso, kapena ngati lero linali tsoka la mbaula chabe limene linatsegula pakamwa pa mwana mmodzi. Anaganiza zoti madzulo adutsire kwa mayi a Gladness, akaone kamwana kaja, ndiponso akalankhule za mbaula asanamve kwa ena kuti aphunzitsi akutsutsa abusa. Zimenezonso zinkamuopsa.

Pakhomo panaima mithunzi iwiri. Anali Nehemiah, atabwera kudzatenga chivundikiro cha mlonda, ndi Gladness kumbuyo kwake. Ankakankhana.

"Funsa iwe."

"Ni funso lako, funsa."

Nehemiah analowa theka. "Madamu, tikangana. Gladness akuti m'nyumba mwao mphemvu zinali kuyenda bwinobwino m'mawa muja, pamene anthu onse anali gone. Manje poizoni uja bwanji sanazigwetse? Mphemvu zilibe magazi?"

Rosemary anatsegula pakamwa. Anafufuza m'dipuloma yake yonse, m'mabuku a ku Kitwe, m'zaka zonse zogona pansi m'nyumba ya mkulu wake. Anapezamo kachidutswa, kosakwanira kuimapo. Ana awiri ankamuyang'ana monga alendo aja anayang'anira bambo ake, ndipo anamva kutentha komweko kumene bambowo ayenera kuti anakumva. Maso ake anafuna kupita pansi. Anawakweza.

"Sindikudziwa," anatero.

Anawo anayang'anana, odabwa, ngati amva mphunzitsi akutukwana.

"Sindikudziwa bwinobwino. Lowani. Nehemiah, tenga choko, ulembe pansi pa la Gladness, usafufute linalo. Ndiye mundiuze, inu mukuganiza kuti n'chifukwa chiyani?"